Sikelo ya ku Chingodzi

Dzuwa la ku Tete silidikira kuti ufike pantchito.
Pofika sikisi koloko phula la pabwalo la ndege
layamba kale kumata nsapato zanga,
ndipo ine, Jasinta mwana wa a Chapotera,
ndili pansi pa phiko, pepala m'manja,
kuwerenga makilo a anthu ena.

Mabokosi a mankhwala a kuchipatala.
Mano achitsulo a makina a ku Moatize,
olemera ngati mlandu.
Kapenta wa ku Kahora Basa, amene fungo lake
silikwera sikelo, koma limayamba ndilo kufika ku Maputo.

Bambo anatumiza mawu pafoni kuchokera ku Ulongwe:
ng'ombe khumi ndi imodzi zili m'khola,
munda wa mbatatesi wa kudambo uli ndi wogula,
tigulitse, upite ku Joni ukaphunzire msanga,
chaka ndi theka ubwere ndi mizere pamapewa.
Ndinawamvetsera kanayi.
Kumbuyo kwa mawu awo Chitedze ankalira,
ng'ombe imene inalima mzere uliwonse
umene unandigulira makope.

Pepala lina linali pakhoma la ofesi,
lomata ndi tepi, ngodya imodzi itapindika:
kampani idzaphunzitsa ake omwe.
Zaka ziwiri pasikelo.
Zaka ziwiri m'chipinda cha mapu ndi nyengo,
kuwerengera anzako mafuta a ulendo umene iwe supita.
Kenako mayeso, kenako dokotala wa maso ndi mtima,
kenako, mwina.
Ukapambana, zaka zisanu ndiwe wawo,
usiku ndi usiku, wopanda wokuthokoza potera,
paja mabokosi saomba m'manja.

Belimiro wonyamula katundu anaseka mpaka kutsokomola.
Akuti imeneyo ndi njira ya bilimankhwe,
udzauluka imvi zitamera.
Iye analembetsapo, maso anamugwetsa:
chofiira ndi chobiriwira kwa iye ndi pachibale.
Amaseka, inde,
koma ndege ikamathamanga kuti inyamuke
amasiya chingwe, kamwa yasa,
mpaka kadontho katazimirira kuseri kwa milambe.

Usiku wina a Fombe, oyendetsa ndege,
anatenga pepala langa, naunika ndi tochi.
Anafunsa: wasuntha zitsulozi ndani?
Ndinati ndine, zinali kumchira, zikanakweza mphuno.
Anakhala chete, udzudzu ukutizungulira.
Kenako anati: ndege zambiri zimagwera pano,
papepala, zisanachoke pansi.
Anasaina, nandibwezera cholembera changa,
chinthu chimene sanachitepo.

M'mawa mwake ndinaimbira bambo.
Ndinati ng'ombe zisiyeni, mvula ili pafupi.
Anati wachita mantha kodi?
Ndinati ayi, ndikufuna ndiidziwe ndegeyo kuyambira m'mimba.
Anadula foni osatsanzika.
Patatha sabata anatumiza thumba la mbatatesi pabasi,
lopanda kalata.

Tsopano ndimagona ku Matundo, m'kachipinda ka malata
kamene kamasunga moto wa masana mpaka tambala.
Ndimaloweza Chingerezi cha pawailesi ya ndege,
kukamwa kuli masawu,
ndimaphunzira mayina a mitambo
m'mwezi umene kumwamba kulibe ngakhale umodzi.
Masiku ena ndimawerenga zaka zotsala, mtima n'kuti zii.
Mnzanga wina amene kwawo anagulitsa nyumba
amatumiza zithunzi ali pamwamba pa nyanja.
Ndimaziona. Sindinama, zimawawa.

Dzulo, akuluakulu atapita kukadya,
ndinavula nsapato n'kukwera pasikelo ya katundu.
Muvi unagwedezeka pang'ono, ngati ukundiseka:
makilo makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu.
Sindikwana ndi bokosi limodzi la mabawuti.
Komabe ndinalemba nambalayo kuseri kwa dzanja.
Tsiku lina mwana wina, thukuta lili kamukamu pansi pa phiko,
adzayenera kuiwerengera papepala lake,
kutsogolo, pampando wakumanja.
Ndimupempha chimodzi chokha: asathamange nawo masamuwo.