Kuseri kwa Bondo

Phazi langa laiwala chopondera cha makina.
Ndimalilamula, ilo phee,
ngati mlendo wongodikira basi pa depoti.
Mayunifomu a ana a pa Khombedza aunjikana pa tebulo,
ulusi ukuphonya diso la singano
pakuti langa lamanzere lachita chifunga kuyambira Lachiwiri.

Imabwera, imapita.
Mu Juni ndinayenda wapansi mpaka kumsika,
ndinanenerera mtengo wa zipi, ndinaseka.
Dzuwa la Okotobala litangoswa mtengo
miyendo inasanduka matumba a mchenga,
dzanzi likukwera ngati nyerere pa mzimbe.

Ku Blantyre anandilowetsa m'mphako yachitsulo
yolira ngati chigayo.
Dokotala Nkhambule anandionetsa ubongo wanga,
madontho oyera mbuu ngati nsalu yodonthera jiki.
Anati mitsempha ili ngati waya wa magetsi,
ndipo thupi langa lomwe likusenda chikopa chake.
Nthendayo anaitchula ndi zilembo ziwiri, M ndi S,
zofupika kuposa dzina langa.

Kenaka anafunsa: Munawetapo ng'ombe?

Ndinakumbukira dibi ya kwa Mkhukhi,
ine ndi Sitaubi mlongo wanga, tikukusa zisanu ndi ziwiri,
udzu wofika m'chiuno,
ndi nkhupakupa ija kuseri kwa bondo,
yonenepa ngati nsatsi.
Sitaubi anaizula ndi zikhadabo, mutu unatsalira.
Panatuluka chizungulire chofiira, ndinatentha thupi sabata,
tinati malungo. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo.

Ndiye ndi iyoyo, adokotala?

Anavula magalasi.
Anati tizilombo ta nkhupakupa timatha kuvala nkhope ya nthendayi.
Ena amati timaidzutsa, ena amati n'zongofanana;
ofufuza sanagwirizane.
Tiyeza magazi. Sindikulonjeza.

Kumudzi mayankho ndi otchipa.
Azakhali aloza kale telala mnzanga wa kutsidya kwa msewu.
Sitaubi sadya bwino, amayang'ana zikhadabo zake.

Ine ndikadakonda ikhale nkhupakupa.
Mdani wamiyendo isanu ndi itatu umamuona,
umamuphwanya pamwala, magazi n'kutuluka ako omwe.
Koma thupi lodzidya lokha
ukalisumire kwa yani?

Zotsatira akuti zibwera pakatha milungu itatu.
Lero ndapukusa gudumu ndi dzanja,
msoko umodzi, wokhota pang'ono.
Mwana wa a Chembe avala choncho Lolemba.