Masekondi Asanu ndi Awiri

Ntchito yanga ndi yosunga moto m'mabokosi.
Si ine wolozetsa, si ine wodina batani.
Ndimakhala kumbuyo, m'chikontena chotuwa
chimene anachitsitsa padoko lathu, kuno kumpoto kwa Sikotilande,
momwe mabatire mazana anayi
andandana m'mashelefu ngati mabotolo a jamu a amayi.

Amang'ung'udza. Usiku wonse amang'ung'udza,
akuyamwa magetsi pang'onopang'ono
ngati kamwana kankhosa kamasiye pabotolo.
Ndimawayeza kutentha mmodzimmodzi:
uyu ali bwino, uyu wafunda,
uyu wa pakona amakonda kutsalira anzake,
ndiye ndinamutcha Tormod, dzina la malume anga
amene ankachedwa ngakhale kumaliro.

Kunja mphepo ya panyanja ikulimbana ndi mpanda wa waya.
Nkhosa za Ishbel zimabwera kudzakanda msana
pachikwangwani cholembedwa kuti Osalowa.

Lachinayi kunabwera akuluakulu ndi nsapato zosadziwa matope.
Kaputeni Hallam anasuzumira pakhomo: Adzaza?
Ndinati adzaza, mpaka m'khosi.
Anavundukula chida chawo, leza,
diso limodzi lagalasi pamutu wachitsulo.
Kandege kopanda munthu kanadzuka kuseri kwa mchenga
kakulira ngati makina osokera.

Ndinadikira kuphulika.
Ubwana wanga wonse mawindo a kwathu
ankanjenjemera ndi mizinga ya pabwalo lino.
Koma ichi chilibe pakamwa.
Utsi ayi, chipolopolo ayi, chotola pansi palibe,
ngakhale kuwala kwakeko maso sakuona.
Ndinangomva mabatire anga akukoka mpweya kamodzi,
singano inagwada,
ndipo kutali uko phiko linada, linapindika,
kandege kanazungulira kawiri, kenako phava! m'madzi.

Masekondi asanu ndi awiri.
Anawomba m'manja. Wina anati
kuwombera kumodzi n'kotchipa kuposa nsomba ndi tchipisi.
Anaseka, nanenso ndinaseka.
Mwina tsiku lina mwana wa munthu pasitima
adzabwerera kwawo ndi miyendo yake yonse
chifukwa cha Tormod ndi anzake.
Izi ndimazidziwa.
Ndimadziuza m'galimoto, pobwerera.

Usiku womwewo namondwe anagwetsa mapolo atatu.
Mudzi wonse bii.
Amayi ndinawapeza kukhitchini atavala majuzi awiri,
akumenyetsa tochi pachikhatho kuti idzuke.
Tinachotsa timabatire tiwiri m'wailesi, tofooka nato.
Anatipana m'khwapa kuti tifunde,
monga ankachitira bambo m'boti nthawi yachisanu.
Tochi inayaka kachikasu,
kongokwanira kupeza mapilitsi a Lachinayi m'kabokosi.

Ndine wamagetsi, kuwerengera sindingaleke.
Masekondi aja sanadye zambiri:
maketulo atatu a tiyi, mwina anayi.
Koma zotsala m'chikontena muja,
mtunda wa mphindi khumi kuchokera pampando uno,
zikanayatsa nyumba zonse khumi ndi zisanu
mpaka belu la Lamlungu.
Kiyi anali m'thumba mwanga, akundibaya pantchafu.
Waya ndiye kunalibe.
Anakoka wolowa, wotuluka palibe anauganiza.

Amayi anafunsa, Kuntchito kunayenda?
Ndinati kunayenda, tinagwetsa.
Anati, Munali munthu?
Ndinati ayi.
Anagwedeza mutu nazimitsa tochi, kuti isathe.
Tinakhala choncho mumdima, tikumva malata akukangana ndi misomali.

M'mawa mvula inakata.
Pamwamba pa mpanda panaima uta wa Leza,
mwendo wina m'nyanja, wina m'khola la Ishbel,
wopanda muvi, wosaloza munthu.
Pansi pake chida chija chinali chigonere m'lona wake wonyowa.
Jenereta ya asilikali sinagone usikuwo.
Ndinatsegula chikontena, kafungo kofunda kanandilonjera,
nyali zobiriwira mzere ndi mzere,
ndipo Tormod, kwa nthawi yoyamba,
anali atadzaza anzake asanadzaze.