Pensulo ya pa Chingwe

Lachinayi ku Coventry, kamvula kowaza
kamene sikanyowetsa malaya koma kamalowa m'mafupa.
Ndaweruka m'mawa uno,
manja akununkhabe sopo wa kunyumba ya okalamba,
ndipo Fanuwelo akundidikira pakhomo la tchalitchi
atavala jekete ya pa ukwati.

Bulangete lathu ndi limodzi,
koma mapepala a malipiro ndi awiri.
Langa ndi lalifupi ngati juzi yochapidwa m'madzi otentha.
Iye amaloza mzere wa msonkho, chala chikunjenjemera:
"Taona mmene akundidyera anthuwa!"
Ine ndimaloza pamene sanalembe kanthu,
zaka zitatu zija ndinakhala pakhomo, Tadala ali kumsana,
poti kosiya mwana kunkadula kuposa thukuta langa.
Penshoni yanga ili ndi chiboo pamenepo.
Mphepo ndikaimva ndikadzakalamba.

Iye akufuna mtsogoleri wa mawu okhadzula,
wotseka zipata.
Usiku wina ndinamufunsa,
"Nanga iweyo unalowera pawindo?"
Anati, "Ife tinabwera mwadongosolo,"
n'kukweza wailesi.
Sindinatchule za mng'ono wanga Enifa
amene mapepala ake akugonabe m'kabati ya boma
chiyambire Tadala asanamere mano.

Zanga n'zazing'ono.
Basi ya usiku izibwera.
Nyale ya m'kanjira ka kuseri kwa sitolo iziyaka,
ndileke kuyenda makiyi ali pakati pa zala.
Mayi Pritchard a m'chipinda chakumapeto
tiziwadzutsa anthu awiri,
osati ine ndekha, msana ukulira ngati chitseko.

Musamuyese woipa mwamuna wanga.
Amanditenthetsera masokosi ndikamapita ku ntchito.
Nayenso ali ndi mantha ake:
kosungira katundu kwabwera makina osapempha tchuthi,
anzake awiri anawauza kuti apume kaye,
ndipo lendi sadziwa mawu akuti kaye.
Mantha ake amafuna mpanda.
Anga amafuna nyale.

Tsopano tili m'tizipinda toyandikana,
kathabwa kopyapyala pakati pathu.
Pensulo aimangirira chingwe ngati mbuzi.
Ndikumva yake ikukanda, kawiri, mwamphamvu,
monga amasainira ngongole.
Yanga yayamba yaima.
Mayi anga ankafunsa bambo madzulo ake
kuti mawa chala chipite pati.
Ine ndachonga, ndapinda, sindinatsokomole.

Bokosi ndi limodzi.
Pepala lake lagwera pa langa, kapena langa pa lake,
ndipo usiku uno mlendo wina adzawalekanitsa,
ili mulu uwu, ilo mulu uwo.

Panja akuti, "Ndiye tangofafanizana basi?"
Ndati, "Voti ndi chinsinsi, bambo a Tadala."
Waseka, koma osati kwambiri.
Watambasula ambulera yothyoka nthiti imodzi
n'kuipendeketsa mbali yanga,
phewa lake likunyowa mpaka pokwerera basi.
Iye wa ku ntchito. Ine wokagona.