Chikwangwani cha Chipinda Chapansi

Tampere, Januwale.
Dzuwa lalowa folo koloko isanakwane,
latisiya atatu: ine Vuokko, kompyuta,
ndi khofi amene wazizira kachiwiri.

Pamsonkhano wa okhala m'nyumba yathu yosanja
dzanja langa linakwera lisanandifunse.
Chikwangwani ndipanga ndine, ndinatero,
cha chipinda chija timaunjikamo njinga
ndi matabwa otsetserekera pachipale.

Sindigwira burashi. Ndimalemba manambala,
makina n'kumvera.
Kuchoka kumanzere, khumi. Kuchoka pamwamba, khumi.
M'litali, mazana atatu.
Ndadina batani, bokosi labadwa,
lobiriwira, la ngodya zosabaya.

Tsopano liwu. Limodzi lokha, la chinenero chathu:
ulkoiluvälinevarasto.
Zilembo makumi awiri zogwirana m'chiuno,
palibe chofuna kutaya chinzake.

Ndadinanso.
Liwu latulukira kumanja
ngati mapazi a mnyamata wosinkhuka msanga
pabedi la chaka chatha.
Zilembo zitatu zili panja, poyera, zikuzizidwa.

Bokosi silidziwa kuti mwalowa liwu.
Liwu silidziwa kuti pali bokosi.
Amangokhala malo amodzi
ngati ife a m'nyumba muno,
odutsana pamasitepe maso ali pansi.

Ndachepetsa zilembo. Zalowa.
Ndatsegula pafoni, zatulukanso:
foni ili ndi zilembo zakezake, zonenepa,
ndipo timadontho tiwiri ta pamutu pa ä
takanda denga la bokosi.
Ndatsitsa mzere pang'ono. Ndachepetsanso.
Kulota manambala, kulota basi.

Ndasindikiza papepala, ndatsika nalo.
Pakhomo ndapeza a Aulis akukutumula nsapato,
aja anakalambira pamakina osokera makhothi.
Atalikitsa pepala, aliyandikitsa,
avula magalasi, avalanso.
Akuti, izi ndi nyerere kapena mawu?
Kenaka, akupukuta mphuno:
mwasoka malaya mwiniwake musanamuone,
lero mukudula munthu kuti akwanemo.

Ndakwera masitepe makutu akutentha.

Ulendo uno ndafunsa makina mwaulemu:
liwuli, pamsinkhu woti a Aulis awerenge,
ndi lalitali bwanji?
Mazana atatu ndi makumi anayi, ayankha,
ndi kanyenyeswa pambuyo pa kadontho.
Ndawonjezera mpata uku ndi uku, poti lipumire,
ndatambasula bokosi.

Mbali ya kumanja yasowa. Yadulidwa, thwee!
Ndinaiwala zenera,
malire aja ndinalemba pamzere woyamba penipeni
onena pothera dziko la chithunzi.
Nalo ndalikulitsa.

Pakompyuta lakwana. Pafoni lakwana.
Ndalikuza mpaka o womaliza wadzaza sikirini,
m'mphepete mwake mosalala ngati mbale,
ndalichepetsa mpaka lafanana ndi sitampa,
timadontho tija tikadali tiwiri.

Naini koloko. Panja chipale chikugwa mwakachetechete.
Ndatsikanso, pepala kudzanja, selotepi m'thumba,
ndaima pachitseko chachitsulo.
Pali kafelemu kolowetsamo chikwangwani,
kanakhomedwa ine ndisanabadwe.

Ndayesa kulowetsa. Lakana.
Latsalira kunja zala ziwiri.

Kumbuyo kwanga wina watsokomola.
A Aulis, ndi thumba la zinyalala,
akupisa m'khothi pang'onopang'ono.
Atulutsa tepi yachikasu, yofufutika manambala,
andipatsa osanena kanthu,
agwira nsonga inayo.