Zitseko 1,024

Foni yalira 2 koloko usiku,
ine ndadzipinda m'bulangete ku Rosettenville,
chisanu cha ku Joni chikukwawira pansi pa chitseko.
Ndi Nokulunga, wopanda ndi moni womwe:
seva yakana, maoda sakutuluka,
magalimoto a buledi angoti ndii ku City Deep.

Ndayatsa laputopu pabondo.
Mzere umodzi ukungobwerezabwereza
ngati mwana wolirira chinthu chimodzi:
mafayilo otsegula achuluka,
mafayilo otsegula achuluka.

Makinawa sakudwala ayi.
Disiki ili ndi malo, magetsi lero sanathime.
Kungoti wina anaika lamulo kalekale
kuti pulogalamu isafumbate zoposa 1,024.
Fayilo, kulumikizana, kapaipi kakang'ono,
chilichonse chimawerengedwa ngati chitseko,
ndipo wogogoda pa cha 1,025
abwerere, ngakhale atanyamula buledi wa tauni yonse.

Ndaifunsa ionetse zili m'manja mwake.
Zatsika mndandanda, phokoso lopanda mawu:
malisiti a Lachiwiri, a Lachitatu,
la kagolosale kena ka ku Tembisa
lotsegulidwa maulendo makumi asanu ndi atatu.
Onse anawerengedwa, ntchito inatha kale,
koma palibe anabweza chitseko.

Njira yachidule ndimaidziwa.
Ndafufuta 1,024, ndalemba 65,536,
ndaigoneka pulogalamu, ndaidzutsanso.
Magalimoto anyamuka.
Nokulunga watumiza chala chachikulu, wagona.

Ine tulo tathawa.
Denga likamadontha, kugula ndowa yaikulu
n'kungosuntha tsiku lokolopa.

Ndiye ndalowa m'kati, mzere ndi mzere,
kusaka wosalongosoka amene anatsegula osatseka,
mutu wadzaza kale ndi mawu oti ndikamuuze mawa.
Ndampeza pa mzere 212.
Mbiri ya makina sibisa munthu:
L. Kamtedza, zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Ogasiti.

Ndine.

Ogasiti uja ndikumukumbuka.
Masana pamzere wa mapepala okhalira,
envulopu ya khaki itanyowa thukuta m'khwapa,
usiku kulemba pulogalamu maso ali psuu,
foni ili pambali kudikira za bambo ku Gulupu.
Ndinatsegula. Ndinaitanidwa. Ndinaiwala.

Ndayang'ana foni yomweyo tsopano.
Mauthenga a mawu a mlongo wanga Nasibeko, asanu ndi awiri,
osamvera chiyambire Isitala.
Gulu losonkhera maliro a Yotamu,
amene tinamukweza pangolo ya galimoto ku Park Station,
ndinalemba kuti nditumiza Lachisanu, sindinanene liti.
Nyumba ya ku Lunzu inaima m'mawindo,
udzu wamera m'chipinda chimene ndinati n'cha alendo.
Ndi Esinala, amene sitinakangane, sitinatsanzikane,
tinangosiya, chitseko chili pwii.

Malire anga anaika ndani, sindikudziwa.
Ndimangoona masiku ena
munthu akandipatsa moni pa takisi ya ku Bree
m'kamwa mumakana kutseguka,
m'chifuwa mulibe malo a chitseko china.
Ndipo chaka chilichonse ndimadzikwezera nambala:
ndipirira, ndipirirabe, Disembala ndipita.

Kukonza kwake n'kochititsa manyazi.
Mawu amodzi, pansi pa mzere 212,
ouza makina kuti ukatha, tseka,
ngakhale zitavuta pakati, tseka.
Ndalemba. Ndayesa. Ndatumiza.

Ndakhala n'kumaonerera nambala ikuphwa:
mazana asanu ndi anayi,
mazana atatu,
makumi anayi ndi chimodzi,
yaima pamenepo, ikupuma ngati mwana wakhuta.

Kunja matakisi ayamba kuimba mabelu,
wa chipinda chinacho akutsokomola, akuthira madzi m'ketulo.
Zala zazizira.
Ndatenga foni, ndadina uthenga woyamba wa Nasibeko,
mphindi zinayi ndi theka.
Kumbuyo kwake kukumveka tambala ndi wailesi ya aneba.
Akuyamba ndi kundifunsa ngati kuno kukuzizira.