Katoni ya Wosoka Nsapato

Pa Kapata, pansi pa lata lodontha,
ndimasoka nsapato za anthu oyenda.
Zidendene zimandiuza kumene zachokera:
katondo wa ku Chadiza,
thope louma la ku Msoro,
minga ya mthethe yothyokera m'mphira.
Ine ndili pa chitsa chomwechi zaka makumi awiri.

Kuseri kwa katoni ya sopo
ndinalemba maulendo anga ndi pensulo ya mwana:
kukwera Mphangwe mbandakucha,
kutsikira ku Mfuwe wapansi, masiku anayi,
chikwama kumsana, chiwaya m'thumba,
kuwoloka Luangwa dzuwa likaswa mtengo
madzi akulekeza m'mawondo,
mpaka ku Muchinga, khoma lija
limene Yotamu ankati limathawa ukamaliyandikira.

Yotamu tinamuika chaka chatha.
Anandisiyira jombo zake,
zondikulira ndi nambala imodzi.
Ndimafutsamo nyuzipepala kuzala.

Tisauke amangoseka: "Bambo inu,
phiri la Kanjala lili pakhomo pomwepa
simunalikwerepo, ndiye mukuti Muchinga?"
Sindimuyankha. Sakunama.

Lamlungu lapitali ndinamanga zingwe za Yotamu,
ndinakwera Kanjala.
Bondo linalira, mpweya unandithawa kawiri,
anyamata otola nkhuni anandipitirira akuimba likhweru.
Pamwamba, madenga onse a Chipata
anali timisomali totayika pa thebulo langa,
ndipo msewu wa ku Mfuwe, ulusi woonda,
unangogona kudikira singano.

Kanjala silinali pa katoni.
Ndinalilemba madzulo omwewo, pansi penipeni,
kuti nane ndikhale ndi chochonga.