Zitsulo za Reijo

Bondo langa linayamba kuyankhula mu Okutobala,
pa kilomita ya khumi ndi iwiri,
pomwe njira imakhotera ku mlatho wa ku Hietasaari.
Silinakuwe. Linangolira ngati chitseko chosowa mafuta.
Ndinabwerera kunyumba ndikutsimphina,
wotchi pamkono ikuwerengabe, osamva chisoni.

Dokotala wa mafupa, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga,
anandiimika ndi mwendo umodzi.
Ine Sirkka, wodula mafunde ndi manja,
wopalasa njinga kuchoka ku Oulu mpaka ku Tornio,
ndinapendekeka ngati mpanda wowola kunsi.
"Bondo silinalakwe," anatero.
"Likulira maliro a eni. Matako anu anagona kalekale."

Pansi pa nyumba yathu, kuseri kwa chipinda chochapira,
Reijo wa pa nambala 14 amasunga zitsulo.
Zaka makumi atatu anapakira mapepala m'sitima ku doko.
Tsopano amanyamula izi, Lolemba ndi Lachinayi,
atavala masokosi aubweya, nsapato ayi.
Anandiyang'ana miyendo n'kupukusa mutu:
"Inu othamanga, injini ya lole,
matayala a wilibala."

Anandipatsa mtengo wa tsache.
Milungu itatu, tsache basi.
Nyonyomala. Msana uwongoke. Chidendene chisachoke pansi.
Dzuka. Bwereza.
Kunja mdima unkagwa tisanaweruke kuntchito,
anzanga akudutsa pawindo, nyali pamphumi,
chipale chikulira pansi pa nsapato zawo,
ine ndili njo, tsache pamapewa,
ndikuwerenga mpaka faifi.
Faifi! Ine wozolowera masauzande.

Kenako chitsulo chenicheni, chozizira, chonunkha dzimbiri.
Icho sichidziwa mamendulo ali m'kabati mwanga.
Koma chovuta sichinali kulemera kwake.
Chinali kukhala pabenchi mphindi zitatu,
osachita kanthu, manja ali lende,
ndikumva mapaipi a madzi otentha akugogoda m'khoma.
"Wothamanga amaopa kupuma," Reijo ankatero,
akusenda lalanje ndi chala chopanda chikhadabo.
"Mnofu sukula ponyamula. Umakula usiku, uli mtulo."

Ntchafu zinkanjenjemera pa masitepe.
Ndinkatsuka mano nditaima ndi mwendo umodzi,
wamanzere m'mawa, wamanja madzulo.
M'dziwe losambiramo mapewa ankatukwana.

Febuluwale, m'bandakucha, pafupi ndi mabini a zinyalala,
ndinamupeza ali gada pa madzi oundana,
thumba litang'ambika, zikamba za mazira zili mbwee.
Milomo yake inali itayamba kuda.
Panalibe munthu wina. Kuzizira sikudikira ambulansi.
Ndinanyonyomala kumutu kwake,
manja m'khwapa mwake, mapazi nditawadzala.
Makilogalamu makumi asanu ndi atatu a nkhalamba yamakani.
Ndipo iye, mano akugundana,
ananong'oneza: "Msana. Wongola msana."

Ndinadzuka naye.
Kamodzi kokha. Mpaka pakhomo.

Mpikisano wa mu Julaye sindinapambane.
M'madzi wina anandimenya chidendene pamphuno,
panjinga mphepo inatiukira njira yonse.
Koma pothamanga, pamalo paja pomwe kale ndinkasweka,
pomwe chiuno chinkagwa ngati denga lakale,
china chake chinandigwira chakumbuyo,
phee, osadzitama,
ngati dzanja la munthu wodziwa kupakira katundu.
Bondo linali chete.
Ndinalimvetsera dala. Chete.

Reijo ali kwa mwana wake ku Kajaani,
akuphunzira kuyenda ndi chitsulo m'chiuno.
Kiyi anasiya m'bokosi langa la makalata,
atamumanga ndi kachingwe kofiira, popanda kalata.

Lachinayi lapitali kunabwera mnyamata wa pa nambala 6,
wowonda, wotchi yodula pamkono, akukoka mwendo wamanja.
Anafunsa kuti ayambe ndi makilogalamu angati.

Ndinapita kukatenga tsache.